Njira ya Mkamwini

Panali mkamwini wina amene ankakhala kwawo kwa mkazi wake, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri la nkhalango yowirira. Tsiku lina m'mawa, akunola khasu kuseri kwa nkhokwe, anaona apongozi ake aakazi akutsika pakhonde. Anatsitsa phazi limodzi, n'kuyamba aima, chala chachikulu chikufufuza pansi, kenaka n'kutsitsa linalo. Khondelo linali lalifupi, loti ngakhale mwana wokwawa ankatsikapo. Mkamwini uja anaweramitsa mutu napitiriza kunola. Sanauze munthu.

Kumeneko mwambo unali wolimba. Mkamwini ndi apongozi ake sankayang'anana kumaso, sankakhala pamphasa imodzi, ndipo zogwirana dzanja ndiye zinali zosayerekezeka n'komwe. Akakumana panjira, wina ankapatukira patchire mpaka mnzake adutse. Sikuti ankadana ayi. Umenewo ndiwo unali ulemu wawo, ndipo onse awiri ankausunga ndi mtima wonse.

Mayiwo maso awo anali atayamba ng'ala, bondo nalo linkavuta. Mumtima anali ndi khumbo limodzi. Iwo anabadwira pamwamba pa phirilo, pamudzi umene anthu anasamukapo kalekale, malowo atasanduka nkhalango yotetezedwa. Ankafuna kukaonanso bwinja limenelo maso asanatsekeretu, ndi kukamuonetsa mdzukulu wawo wamkulu, Zione, kasupe amene ankatungapo madzi ali mtsikana. Ana awo aamuna anali ku Joni. Pakhomo panali mwana wawo wamkazi yekha, mayi wa Zione, wa khanda kumsana, ndi mwamuna wakeyo.

Dzinja litatha, ananyamuka onse. Mkamwini anatsogola patali, monga ulemu unkafunira. Njira inalipo inali ya otola nkhuni, yolunjika kumtunda, yongofuna miyendo ya achinyamata. Mayiwo analimbikira mpaka pamtsinje. Pamenepo miyala inali ya ndere. Anaterereka, nagwada m'madzi.

Mkamwini atamva kukuwa anathamanga kubwerera, dzanja lili patsogolo. Atatsala pang'ono kuwagwira, mayiwo anadzifunda chitenje kumutu. Iyenso dzanja linamuumira m'mwamba. Anabwerera chafutambuyo nakaima kuseri kwa mtengo wa mbawa. Mkazi wake anachita kumasula khanda, kuligoneka paudzu, n'kuwadzutsa yekha amake. Ulendo unathera pomwepo.

"Basi mwanawe," anatero mayiwo potsika. "Kwathu ndizikuona kumaloto."

Atafika kunyumba, mkazi uja anamufunsa mwamuna wake. "Bambo a Zione, mukanangowagwira. Akanafa?"

"Akanafa ndi manyazi," iye anayankha. "Ine n'kutsatira tsiku lomwelo. Maliro awiri mukanawatha?"

Mkaziyo anaseka, koma misozi ili m'maso.

Mkamwini uja anapita kwa alonda a nkhalango kukapempha chilolezo. Anamuuza kuti asagwetse mtengo wamoyo. Atenge yogwa yokha, miyala ndi nsungwi. Kuyambira pamenepo, akachoka kudimba ankanyamula khasu ndi chikwanje n'kulowa m'phiri.

Nkhope ya apongozi ake sankaidziwa bwino, koma mapazi awo ankawadziwa. Anapita pamene mayiwo anaponda pabwalo lonyowa, nathyola bango lofanana ndi kutalika kwa kuponda kwawo. Bango limenelo ndilo ankayezera masitepe ake. Pamene njira yakale inkalunjika kumtunda, iye anaikhotetsa, nayendetsa cham'mbali mwa phiri, nayibwezanso. Anafunsa mkazi wake kuti, "Kodi amayi akamachokera kuchigayo amapuma pati ndi pati?" Atamuuza, anayamba kuika zipika zokhalira motalikirana chomwecho, chilichonse pamthunzi. Mbali ya kuphompho anamangako nsungwi zogwirira. Pamtsinje paja anagoneka ulalo wa mitengo, nakumba mzati tsidya lino ndi wina tsidya linalo, namangirirapo nsungwi yaitali.

Amayi otola nkhuni ankamupeza ali thukuta kamukamu.

"Amkamwini, munda wakucheperani kumudzi? Mwayamba kulimira anyani?"

"Njira yanuyi ikuyenda ngati munthu wochokera kumowa," anatero wina. "Tikafika mawa kunyumba?"

"Inu dzerani yanu yomweyo, amayi," iye ankatero, osadzutsa mutu.

Koma sipanapite nthawi, anayamba kuwaona akutsika ndi mitolo yawo m'njira yokhotakhota yomweyo, ali chete.

Ntchitoyo inadya chilimwe chonse. Nawo maso a mayi aja sanadikire. Anayamba kuzindikira anthu ndi mawu, osati ndi nkhope. Njira itatha, mvula yoyamba inali itagwa kale, ndipo mwana wawo anawagwadira.

"Amayi, tiyeni tikayesenso."

"Ndikagwenso pamaso pa bambo a Zione? Kamodzi kaja sikanakwane?"

"Simukagwa. Mukangotopa, tibwerera."

Anavomera monyinyirika. Anauyamba ulendo kukadali kozizira, Zione ali nawo, mkamwini ali patsogolo patali ngati kale. Mayiwo anakweza phazi, nalipeza lakhala pa sitepe. Anakweza linalo, nalonso chimodzimodzi. Pamene mpweya unayamba kuwathera, mwana wawo anati, "Pali chipika apa, khalani." Patsogolo zinachitikanso choncho. Mayiwo ankangosisita nsungwi yogwirira ndi chikhatho, n'kumamva kuti mfundo zake zonse n'zopalidwa.

Anafika pamtsinje. Kumtunda kunali kutagwa mvula yambiri, madzi ali ofiira, akusokosa. Ulalo unalipo. Koma mzati wa tsidya linalo unali utakokoloka pamodzi ndi dothi lake, ndipo nsungwi yogwirira ija inali italendewera m'madzi.

Mayiwo anaima. Dzanja lawo linafufuza m'malere, osapeza kanthu. Ulalowo unali wopapatiza, woti anthu awiri sangayendepo mogwirizana.

"Tibwerere," anatero motsitsa mawu. "Tayesa."

Mkamwini anali ataoloka kale. Anayang'ana dzenje limene munali mzati, mmene tsopano munkazungulira madzi. Analowamo mpaka m'chiuno, nanyamula nsonga ya nsungwi, naiika paphewa. Kenaka anatembenuka, napereka msana kwa apongozi ake, maso ali kuphiri.

"Amayi, gwiraninso," anatero mwana wawo. "Yalimba."

Anagwira. Anakwera paulalo. Mkamwini sankawaona, koma kuponda kwawo kulikonse ankakumva paphewa pake: nsungwi ikalemera, ndiye kuti akweza phazi, ikapepuka, ndiye kuti aponda. Madzi ankamukankha m'mawondo, ozizira mpaka m'mafupa. Anazika zala m'matope, osasuntha.

Mayiwo anafika kumapeto kwa ulalo, pafupi penipeni ndi msana wake, naponda pamtunda. Anapuma kaye. Kenaka analankhula kwa mwana wawo, mokweza kuposa madzi.

"Iwe, mzati wakunowu ukunjenjemera. Uwuuze utuluke m'madzimo, ungatidwalire." Anawonjezeranso kuti, "Uwuuzenso kuti ndaoloka. Ana amene ndinabereka ali kutali. Uyu sindinamubereke, koma ndamumva."

Zione anaphulika ndi phwete. Mkamwini sanacheuke. Anadikira mpaka atadutsa, natuluka m'madzi, napukuta kumaso ndi malaya onyowa.

Dzuwa lili paliwombo anafika pabwinja. Mitengo ya mango inali itakalamba pakati pa nkhalango. Mafuwa ena ankaoneka m'masamba. Kasupe anali akutulukabe pansi pa thanthwe. Mayiwo anagwada, namwa, namusambitsa mdzukulu wawo kumaso. Anayamba kuloza uku ndi uku, kutchula mwini nyumba iliyonse imene inalipo, ndipo pamene maso ankalephera, mapazi ankakumbuka. Mkamwini anakhala pamwala chapatali, akuwotha dzuwa, akumva mayina onsewo.

Anzanga, ambiri mwa amene anatithandiza sanaime patsogolo pathu kuti tiwaone. Ena ulemu unawatsekereza, ena manyazi, ena sanapatsidwe mpata wolankhula. Komabe tinapeza poponda pamene tinkayembekezera kugwa, tinapeza pokhala pamene mpweya unatithera. Zimenezo sizimera zokha. Wina anatiyang'anitsitsa mwakachetechete, nadziwa pamene timafooka. Musadikire kuti atembenuke n'kukuonetsani nkhope, pakuti mwina sadzatero. Ngati simungathe kumuuza pamaso, uzani amene ali pafupi, koma mukweze mawu kuti mwiniwake amve.

M'mawa mwake mkamwini uja anadzuka ndi chimfine. Atatsegula chitseko anapeza kapu ya tiyi wa mandimu yovundikira ndi mbale, ikadali yotentha, ndi mbatata zowotcha zosendasenda. Mkazi wake anati si iye. Apongozi anali kuseri kwa nyumba yawo, atatambasula miyendo yotupa padzuwa, akuimba chapansipansi. Iye anamwa tiyiyo, nadya mbatata. Akumaliza, panafika bambo wina wa mudzi woyandikana nawo kudzafunsa ngati njirayo ingathekenso kwa ana aang'ono ndi mkazi woyembekezera.

"Mudikire Loweruka," anayankha. "Pali mzati umodzi wofunika kukumbanso."

Anatenga khasu nalowera kuphiri.