Makapisozi a Mwana

Panali mayi wina amene mwana wake wamkazi anatupa mwendo atabayidwa ndi chitsa kumunda. Kuchipatala anamupatsa makapisozi a masiku asanu ndi awiri, namuuza kuti mwanayo amwe onse.

Pofika tsiku lachinayi chotupa chinaphwa, mwana nayambanso kusewera. Tsiku lomwelo kunabwera mnansi wa mayiyo, Nangozo, amene ankamutungira madzi osapemphedwa pamene mwana anali gone.

"Achemwali, abambo akwathu chifuwa chawagwira," anatero Nangozo. "Kuchipatala akukana. Ndevu zonse zija, akuopa jakisoni."

Mayi uja anayang'ana mwana wake akudumpha pabwalo. Anamasula mfundo ya chitenje, natsanulira makapisozi otsalawo m'dzanja la mnzakeyo.

Patatha milungu iwiri mwendo unatupanso, kufiira kukukwera chakubondo. Kuchipatala anapereka mankhwala omwe aja, koma sanagwire.

Mayiyo ataulula zomwe anachita, namwino sanamukalipire. Anamukokera mpando, najambula kanthu kobulungira pachikuto cha buku la kuchipatala la mwanayo.

"Mayi, tizilombo ta m'bala timachulukana pogawika pakati, kamodzi n'kukhala tiwiri. Tina tili ndi kamkombero mkati mwake, timakatcha plasimidi, ndipo kamatiteteza ku mankhwala. Kachilombo kakamagawika, mbali iliyonse imatenga kamkombero kake. Tofooka tinafa masiku oyamba aja. Tolimbato tinatsala, ndipo takhala tikugawika usana ndi usiku."

"Ndiye mwendowu audula?"

"Tiyesa mankhwala ena kaye."

Namwinoyo anatenga cholembera, nalemba mzere pakhungu la mwana, pamwamba pang'ono pa pomwe kufiira kunalekezera.

"Kukadutsa apa, mundiitane msanga."

Mwanayo atamugoneka m'chipatalamo, mayi uja anakhala pansi pafupi ndi bedi, maso ali pamzerewo. Nangozo anabwera ndi phala, nalisiya pakhomo, osatha kulowa chifukwa cha manyazi. Pofika masana, kufiira kunali kukukwerabe, ndipo pakati pa kufiirako ndi mzere panangotsala malo okwana chala chimodzi.

Inu amene mukumva, mayiyu sanali woipa mtima. Anabweza zabwino ndi chimene anali nacho. Koma bala likapola kunja, mkati mukhoza kutsala zamoyo zimene zikuchulukana mwakachetechete. Mnzanu akadwala, mtungireni madzi, mperekezeni kuchipatala ngakhale akukana. Mankhwala a mwana wanu ndi ake, mpaka kapisozi womaliza.