Chigubu cha Che Mdoka

Che Mdoka anafika pachitsime cha Shehe Swaleyi dzuwa lili pamutu, akutsogolera anthu makumi awiri ndi asanu ndi awiri omangana chingwe m'chiuno. Ponyamuka kwawo anali makumi awiri ndi asanu ndi atatu.

Panali patatha zaka khumi ndi zisanu chigwere phulusa lija linakwirira midzi, minda ndi mitsinje. Otsala ankakhala m'mapiri, ndipo pakati pa phiri ndi phiri panali chigwa chotuwa chopanda mtengo ngakhale umodzi. M'chigwamo phulusa limalankhula. Limaitana munthu ndi mawu a mayi ake kapena a mwana wake amene anamwalira, ndipo wosamangidwa amadzuka n'kutsatira mawuwo, osabwereranso. N'chifukwa chake apaulendo ankamangana chingwe. Analinso ndi lamulo lina, loti munthu sanyamula madzi ake. Aliyense ankasenza chigubu cha mnzake n'kumamupimira makapu awiri patsiku, kuopa kuti ludzu lingamupusitse mwini wake n'kugugudiza zonse tsiku limodzi. Womwa madzi a mnzake ankadulidwa pachingwe.

Shehe Swaleyi anali nkhalamba yotsimphina, yokhala pamzikiti wakale wogumuka denga. Mabuku awo anakwiririka kalekale, koma zonse zinali m'mutu. Ankatungira okha madzi apaulendo, mwakuti ambiri ankawayesa wantchito wa pachitsime. Ine ndimaphunzitsa malamulo a swala, mapemphero athu a Chisilamu, ndipo nkhaniyi ndinaimva kwa anthu atatu amene anali pachingwe tsikulo.

Anthu atamwa, Che Mdoka anasasa mkanjo wawo n'kuima pamaso pa nkhalambayo. Anali atawoloka chigwacho kasanu ndi kanayi osataya munthu, ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo.

"Assalamu alaikum, a Shehe."

"Wa alaikum salamu, Che Mdoka. Khalani pansi, miyendo ipume."

"Zikomo, a Shehe, ndiima. Ndabwera ndi funso, ngakhale yankho lake ndikulidziwa kale. Anthu angawa akung'ung'udza kuyambira dzulo. Ndikufuna amve kuchokera pakamwa panu kuti ndachita mwa lamulo."

"Ine ndine wotunga madzi chabe," anatero Shehe, "koma nenani, ndimve."

Che Mdoka anafotokoza. Ulendowo ndi wa masiku asanu, koma anthu amanyamula madzi a masiku asanu ndi awiri poopa za panjira. Ulendo uno mphepo inawakhazika pansi masiku awiri athunthu. M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi, iwo atapempha kapu yawo, chigubu chinapezeka chouma gwa. Wonyamula chigubucho anali Lajabu, mwamuna wosalankhulalankhula, wosoka nsapato, amene mkazi wake ndi ana onse anatsala pansi pa phulusa.

"Ndinamufunsa pamaso pa onse," anatero Che Mdoka. "Anangoti, madzi anu sindinamwe, Che Mdoka. Basi. Ndinadula chingwe ndi mpeni wangawu, pansanja yachitsulo ya magetsi akale ija. Zinandiwawa, koma mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Ndipo chigubu cha Lajabu chili kuti?"

"Lamulo limati chimapita kwa woberedwa. Madzi otsalamo ndamwa ine."

Shehe anapukuta manja pansalu yawo. Kenaka anati, "Mundikhululukire, Che Mdoka, nzeru zanga zimayenda motsimphina ngati mwendo wangawu. Alipo anamuona akumwa?"

"Wakuba samwa poyera. Koma zizindikiro zinalipo. Akalandira kapu yake sankamwera pagulu ngati anzake. Ankatembenuka, n'kukhala chogwada pafupi ndi katundu, atatifulatira. Ndiponso chilango cha Mulungu chinayamba kale kuoneka pa iye. Milomo inali itang'ambika, maso atalowa m'kati, akuyenda modzandira."

"Kuposa anzake?"

"Kuposa onse."

"Ndithandizeni pamenepo," anatero Shehe mofatsa. "Munthu womwa madzi a anthu awiri ndiye wauma kuposa omwa a munthu mmodzi?"

Anthu aja, amene anali atagonagona pamthunzi wa khoma, anayamba kudzuka mmodzimmodzi.

"Tisiye zimenezo," anapitiriza Shehe. "Swala munkaswali bwanji panjira?"

Apa Che Mdoka anawongoka, pakuti funsoli linali lowakomera. "Sindinaphonyepo ngakhale imodzi, a Shehe, ndipo zonse ndi wudhu. Ine sindiima pamaso pa Mulungu ndisanasambe m'manja, kumaso ndi kumapazi. Enawa amangopukuta fumbi, ena saswali n'komwe."

"Madzi a wudhuwo ankachokera kuti?"

"M'chigubu changa. Ndimasamala kwambiri, makapu awiri amandikwanira tsiku lonse."

"Awiri akumwa, awiri a wudhu. Chigubu chimalowa makapu angati?"

"Khumi ndi anayi, monga zonse."

"Ndiye kuti chikanauma pa tsiku lachinayi. Inu mukuti chinauma pa lachisanu ndi chimodzi."

"Madzi operekedwa kwa Mulungu sawerengedwa, a Shehe. Amabwezedwa. Maulendo onse asanu ndi anayi ndachita chimodzimodzi, ndipo chigubu changa sichinaumepo. Amenewo ndi madalitso."

"Ndi madalitso ndithu. Maulendo amenewo ankakunyamulirani ndani?"

Che Mdoka anayankha motsitsa mawu. "Lajabu."

"Onse?"

"Onse. Ankachita kupempha yekha."

Ndikafika pamenepa pofotokozera ophunzira anga, mtima umandiwawa, ndipo ndimakwiya ndithu. Munthu wamkulu, wodziwa kuwerenga nyenyezi ndi mphepo, analephera kuwerenga makapu khumi ndi anayi, chifukwa ankakonda kuganiza kuti Mulungu ali naye pa ubwenzi wapadera. Akuluakulu amati safunsa anadya phula.

"Che Mdoka," anatero Shehe, "mnzanuyo akakufulatirani sankamwa. Ankanyowetsa lilime, n'kuthira yotsalayo m'chigubu chanu. Pa masiku asanu ankatha kupirira, n'kudzamwa pano. Ulendo uno mphepo inawonjezera awiri, thupi lake linalibenso chopereka."

"Nanga osanena bwanji? Akanangondiuza!"

"Sanayesepo?"

Che Mdoka anayang'ana pansi. Anakumbukira, ndipo ananena okha, kuti paulendo wachiwiri Lajabu anawapempha kuti bwanji azichita tayammamu, kudziyeretsa ndi dothi kumene kumaloledwa madzi akasowa. Iwo anamukalipira pamaso pa anthu, kuti wosoka nsapato asaphunzitse chipembedzo amene anakhala pamkeka wa maphunziro.

"Koma pamenepo sindinalakwe, a Shehe," anatero, akugwira kanthambi komaliza. "Tayammamu imafuna dothi loyera. Phulusa si dothi, ndipo chigwa chonsecho ndi phulusa lokhalokha. Kapena ndanama?"

"Simunaname. Munaphunzira bwino, phulusa si dothi." Shehe anagwada movutikira, n'kukumba ndi manja pambali pa khoma. Anachotsa phulusa mpaka dzanja linalowa kufika pachigongono, natulutsa dothi lofiira lodzaza chikhatho. "Koma dziko silinachoke. Lili pansipa, limangofuna munthu wogwada. Ndipo lamulo lomwe munaphunziralo limati madzi akafunika kupulumutsa moyo, ngakhale wa chiweto, sasambira. Mbali imeneyo aphunzitsi anu sanaidumphe, ndikuwadziwa."

Mphepo inkaulutsa phulusa pamwamba pa khoma, n'kumalithira m'ndowa ya pachitsime.

"Ankachitiranji zimenezi?" anafunsa Che Mdoka. "Ine sindinamuchitirepo chabwino chilichonse."

"Njira ya m'chigwamo amaidziwa ndani kupatula inu?"

"Palibe."

"Ndiye mwayankha kale. Iye akagwa, wagwa munthu mmodzi wopanda womulira. Inu mukagwa, chagwa chingwe chonse. Anaona kuti kukukanizani madzi sangathe, kukuchititsani manyazi pagulu sangathe, chifukwa anthu akasiya kukhulupirira wowatsogolera pakati pa phulusa amabalalika. Anasankha chimene akanatha. Ngakhale mpeni uli pachingwe chake, anasunga ulemu wanu kuti awa afike pano."

Pamenepo Che Mdoka anakhala pansi pomwe anakana kukhala paja. Analira ngati mwana, ndevu zonse kunyowa. Mayi wina wa pagululo ananena kuti pochoka iye anacheuka, ndipo anaona Lajabu akudzimangirira kunsanja ija ndi kachidutswa ka chingwe kamene kanamutsalira m'chiuno, n'kutseka makutu ndi nsanza.

"Angakhale akadali moyo, a Shehe?"

"Sindikudziwa. Wodziwa ndi Mulungu. Papita tsiku limodzi, ndipo kubwerera kumeneko ndi tsiku linanso. Munthu wouma chonchija sapirira kwambiri, komanso mfundo yomanga wekha umamasula wekha, ana ako akayamba kukuitana."

Che Mdoka anayang'ana anthu awo, kufuna woti abwerere naye, pakuti m'chigwamo munthu salowa yekha. Onse anazolika. Sindiwaweruza. Anali atatheratu, mapazi atatupa, ena ali ndi ana kumsana, ndipo anali atangoona mmene mtsogoleri wawo amalipirira wokhulupirika.

Shehe anatenga chigubu chouma chija n'kupita nacho pachitsime. Anaponya ndowa, anakoka, anadzaza mpaka pakamwa, natseka mwamphamvu. Kenaka anatola chingwe chachifupi, n'kuyamba kumanga mbali imodzi m'chiuno mwawo.

"A Shehe, mwendo wanuwo simungafike nawo."

"Ufika pomwe ungafike. Chingwe chimafuna anthu awiri."

Che Mdoka anapukuta nkhope, n'kutambasula manja awiri kuloza chigubucho. "Tchimo langa ndi lalikulu. Ndiloleni kaye ndipange wudhu, ndiswali, ndipemphe Mulungu andikhululukire. Ndikatero tinyamuka."

Shehe anawapatsa nsonga ya chingwe m'malo mwa madzi.

"Mangani, Che Mdoka. Mukaswalira panjira, ndi dothi, mutagwada n'kukumba nokha. Madzi awa ndi a Lajabu, ndipo mudzawasenza inu osalawako ngakhale dontho. Tikakamupeza akupuma, mukamumwetsa ndi dzanja lanu n'kumupempha iyeyo chikhululuko, pakuti Mulungu sakhululuka mlandu wa munthu mwini wake asanaumve. Tikakapeza kuti watisiya, ndi omwewa mukamusambitsire."