Kachidutswa Kopanda Mwini

Panali bambo wina ku Chilomoni, katswiri pogawa nyama. Pa ukwati kapena pa maliro mpeni ankapatsa iyeyo, chifukwa akagawa sipankatsala ngakhale kafupa kopanda mwini.

Pakhomo pake panali kompyuta imodzi ya Windows. Mmenemo mkazi wake, Nangozo, anasungamo makalata oitanira anthu ku chinkhoswe cha mwana wawo, oti akasindikizidwe mawa lake. Tsiku lomwelo bamboyo anamva kuti kulinso Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, ndi kuti ziwirizi zimatha kukhala m'kompyuta imodzi, chilichonse ndi gawo lake la disiki, mosungira zinthu m'kompyutamo. Atangomva zogawa, anapinda manja a malaya.

"Bambo a Mwayiwawo, bwanji mudikire mlamu wanu?" anatero Nangozo. "Mng'ono wanga uja ndiye ntchito yake."

"Nangozo, ine ndinagawapo ng'ombe kwa anthu mazana atatu. Ichi chilibe ndi nyanga zomwe."

Nangozo anangopempha mphindi zisanu pa kompyutapo, kenaka anapita kukachapa.

Bamboyo anagawa mwachilungamo: theka la mkazi wake, theka lake. Ndiye anaona kagawo kena kumayambiriro kwa disiki, kakang'ono ngati chikhadabo.

"Kachidutswa aka n'ka ndani?" anafunsa.

M'nyumba monse munali zii. Anakafufuta, malo ake n'kuwonjezera ku gawo la mkazi wake, mtima uli mbee kuti wachita zaulemu.

Atayatsanso kompyuta, panangoti bii. Anaizimitsa, anaiyatsa. Anaipemerera ngati mbaula. Kenaka anakumbukira makalata aja, ndi nkhope za akuchimuna.

Mlamu wake anafika masana, nayang'ana pang'ono chabe.

"Alamu, zipinda mwagawa bwino ndithu. Koma kamene mwafufutako ndi kamene kamadzutsa kompyuta n'kuisonyeza polowera. Zipinda zilipo, khomo mwalitseka ndi njerwa."

"Komatu kanali kakang'ono."

"Nanga kiyi wa nyumba ino ndi wamkulu bwanji? Ndikonza, koma Lolemba."

Chinkhoswe chinali Loweruka. Bamboyo anakhala pansi.

Apo Nangozo anapukuta manja, namasula mfundo ya pa chitenje chake. Munali fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pa kompyuta. Mphindi zisanu zija anakoperamo makalata onse. Sanaseke. Anaiika m'dzanja la mwamuna wake n'kumupinda zala.

"Mukasindikize ndinu," anatero. "Anthu akudziwa kuti makalata ali m'manja mwanu."

Inu amene mukumva, mpeni usanadule, funsani ntchito ya chimene simukuchidziwa. Kanthu kooneka kopanda mwini nthawi zina kamakhala ka tonse. Ndipo wofatsa wa pakhomo panu akapempha mphindi zisanu, mpatseni khumi.