Mpata pa Mbale ya Rozina

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu wa phula usanadutse kuseri kwa phiriko, munali mtsikana wina dzina lake Rozina, azakhali awo a agogo anu aamuna. Taikani kaye mafoniwo pansi, inu, nkhaniyi ndi ya magazi anu.

Rozina anali ndi mawu. Mukuti mawu? Mawu okwera, osalala, oti akaimba kudambo anthu kumtunda kuno ankaimika makasu. Koma sankaimba yekha, ayi. Ankaimba pamtondo ndi mayi ake, a Nachisale. Mwana kutsogolera, mayi kuvomera. Munsi wa uyu ukakwera, wa uyo watsika. Nyimbo yawo anaipeka okha. Rozina ankati, "Mphale yanga yayera, ndani andipetere?" Mayi n'kuvomera, "Ndilipo ine, mwanawe, ndilipo." M'mawa uliwonse, m'mawa uliwonse, mpaka nkhuku zodzatola gaga zinailoweza.

Tsiku lina sisitere wa ku mishoni anamumva. Anati mawu otere kwawo amawatcha sopulano, ndipo kuli nyumba zikuluzikulu zochitiramo zisudzo zoimba zokhazokha, zotchedwa opera. Munthu kukwiya akuimba, kufunsira mbeta akuimba, ngakhale kufa kumene, kufa akuimba. Anapempha kuti Rozina apite ku Ulaya akaphunzire zimenezo.

Malume ake analola. Mayi anakana.

"Kumeneko ukaimba, akakuvomere ndani?" anatero a Nachisale. "Nyimbo yopanda wovomera ndi kulira, mwana wanga."

Koma Rozina anali wamakani, makani omwe ndimawaona mwa ena a inu pano, sinditchula maina. Anamanga katundu, anapita. Mayi sanamuperekeze ngakhale pamphambano. Kuyambira tsiku limenelo a Nachisale anatseka pakamwa. Pamtondo, munsi wokha ndiwo unkamveka. Kutchalitchi, duu. Paukwati, duu. Anthu ankati mwana uja anapita ndi mawu a anthu awiri.

Ku Ulaya zinamuvuta Rozina, musaganize kuti anafikira pamaluwa. Kuzizira, Chitaliyana chopinda lilime, aphunzitsi omuuza kuti ngakhale kupuma kumene sadziwa. Ndiye panali chizolowezi chake cha pamtondo. Akamaliza mzere wa nyimbo ankaima, khutu tcheru, kudikira womuvomera. Mkulu wotsogolera zoimbira, uja wogwedeza kandodo, ankachita kumutuzulira maso. Kudikira ndani? Kumeneko woimba amaimba, omvera amakhala chete ngati ali pamlandu, manja amaomba pamapeto.

Anaphunzira. Anasiya kudikira. Dzina lake linayamba kumveka mzinda ndi mzinda, anthu kuimirira, kumuponyera maluwa. Koma akabwerera kuchipinda n'kuvula zovala zachifumu zija, mtima unkamuwawa, chifukwa ankawasowa mayi ake. Ankalemba makalata kudzera kwa aphunzitsi a Kachingwe a pasukulu yathu, amene ankapita kukawawerengera a Nachisale. Mayi ankamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti amva. Aphunzitsi akafunsa kuti ayankhe chiyani, mayi ankangotola lichero. Zaka khumi ndi chimodzi, ana inu. Kalata kupita, yankho osabwera.

Nthawi imeneyo nyimbo ankazijambula pa mbale za galamafoni, zakuda, zozungulira, zolira ndi singano. Rozina anali atajambula kale mbale zitatu za opera. Pa yachinayi, mkulu wojambula anamuuza kuti kwatsala malo pang'ono kumapeto, aikepo kanyimbo kakwawo. Chipinda chojambuliramo chinali chotseka, chopanda zenera, munthu n'kumaimbira kachitsulo kotola mawu. Rozina anaima pamenepo, anatsinzina, naimba, "Mphale yanga yayera, ndani andipetere?"

Kenaka anakhala chete. Mumtima ankawerenga munsi: gu, gu, gu, gu. Anaimbanso mzere uja, nakhalanso chete, mpaka katatu.

Mkulu uja anaganiza kuti waiwala mawu, anati ayambirenso. Anayambiranso, chimodzimodzi. Atamva kuti pamenepo pamayenera kulowa wovomera, anati si vuto, Rozina adzivomere yekha, kapena aitane oimba anzake aphunzire mawuwo. Mbale ikangokhala chete, anthu adzati galamafoni yawonongeka.

"Pamenepo si panga, bwana," anatero Rozina. "Pali mwini wake."

Anakangana tsiku lonse. Rozina anati akatseka mpatawo, mbale yonse isatuluke, ngakhale nyimbo za opera zimene anazivutikira miyezi. Mukuona makani? Mkulu uja anagwira mutu, nagonja. Mbale inatuluka ndi mipata yake itatu, ndipo mbale imodzi inakwera sitima ya pamadzi kubwera kuno.

Aphunzitsi a Kachingwe ananyamula galamafoni yawo m'mawa, naiika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mitondo, pamene amayi ankakonola. Anapukusa, anaika singano. Zinayamba za Chitaliyana, mawu kukwera, kukwera, mpaka agalu kudzuka. Amayi ena ankagwirana m'nthiti, kufunsana ngati mwanayo akuimba kapena walumidwa ndi mavu. A Nachisale sanacheuke. Msana ku galamafoni, munsi gu, gu.

Ndiye panafika pamapeto paja. "Mphale yanga yayera, ndani andipetere?"

Zii. Singano yokha kukanda. Aphunzitsi anatambasula dzanja kuti akonze, mayi wina anawagwira mkono. Amayi onsewo mawu ovomera ankawadziwa, koma ndani akanalowa pamalo pa mwini wake? Munsi wa a Nachisale unaima m'mwamba.

Mwana anafunsa kachiwiri. Zii.

Anafunsa kachitatu. Ndipo panamveka mawu osasa, onjenjemera, ngati chitseko chimene chakhala zaka osatsegulidwa: "Ndilipo ine, mwanawe, ndilipo."

Misozi inagwera mumphale. Palibe anaseka tsopano. A Nachisale anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Pukusaninso, aphunzitsi." Anapukusa mpaka singano inabuntha, ndipo ulendo uliwonse mayi ankalowa pampata pake osaphonya, mawu akunka nayera.

Kalata yoyamba yochokera kuno inamupeza Rozina akuvala kuti akwere pabwalo. Munali mzere umodzi: "Mayi ako avomera." Amene analipo ankati tsiku limenelo anaimba koposa masiku onse.

Chilimwe chotsatira anabwera. Anawapeza mayi pamtondo, imvi mbuu. Mukuganiza anathamangirana? Ayi, makani aja anali obadwa nawo onse awiri. A Nachisale anangomuyang'ana, nakweza munsi, nayambitsa okha, "Mphale yanga yayera, ndani andipetere?" N'kukhala chete. Rozina anavula nsapato za ku Ulaya, anatola munsi wachiwiri. "Ndilipo ine, amayi, ndilipo."

Pobwerera ku ntchito yake, mayi anamuperekeza mpaka pamphambano, akuimba njira yonse.

Mbale ija ilipo m'sutikesi mwanga, inang'aluka, siliranso. Koma mwambo wake ukulirabe. N'chifukwa chake pabanja pathu pano, mukayambana ndi m'bale wanu, sitilola kuti mulankhule zonse nokha, kudzifunsa nokha, kudziyankha nokha, n'kutseka nkhani. Timati siya mpata wa Rozina. Nena zako, kenaka khala chete, malo a mnzako akhale otsegula ngakhale papite zaka khumi ndi chimodzi. Mwini wake akadzafuna kuvomera, adzapeze polowera.