Tsiku Limene Chete Anayankhula

Nyumba ya mayi aja inali ndi malamulo ochuluka kuposa mipando. Nsapato zinkatsala pakhomo. Madzi otentha osamba ankatsegulidwa m'mawa mokha. Zenera la chipinda chilichonse linkayenera kukhala lotsegula kukangocha, kaya kunja kukugwa mvula kaya mphepo ikuluma makutu, chifukwa mayiwo ankati mpweya wogona m'nyumba ndi umene umadwalitsa anthu. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wa manja olimba ngati a munthu wa khasu, ndipo chipinda chawo chakumbuyo ankachititsa lendi kwa ophunzira ochokera kumayiko ena.

M'chipinda chimenecho munkakhala mnyamata amene anabwera m'dzikomo kudzaphunzira pa yunivesite kwa teremu imodzi yokha. Anzake anamupatsa dzina loti Chete, poti ukamuponda chala, woyamba kupepesa ankakhala iyeyo. Kwawo anasiya amayi ake ndi alongo ake awiri. Bambo ake anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo ulendo wamaphunzirowu unali chinthu choyamba chosangalatsa kulowa m'banjamo chichitikire maliro aja.

Mayi eni nyumbawo sanali munthu woipa. Chete atadwala chimfine m'masabata oyamba, iwo ndi amene anamufunditsa bulangete lawo, namuwiritsira madzi a mandimu. Akachedwa ku laibulale ankamusiyira chakudya chovundikira patebulo. Koma ankalowanso m'chipinda mwake osagogoda, kusuntha mabuku ake, kusanthula pansi pa bedi ndi tsache ngati kwabisala mbala. Akalakwitsa katchulidwe ka mawu m'chilankhulo cha kumeneko, ankamukonza ngakhale pamaso pa anthu oyandikana nawo nyumba.

"Bwereza, mwana wanga. Lilime lakoli ndi laulesi."

Chete ankabwereza uku akumwetulira, koma kumtima ankaunjika timiyala. Mtima wa munthu ndi wachilendo: umasunga minga, maluwa n'kumaiwala.

Pabalaza panali chithunzi cha mnyamata wamtali, wa mano oyera, atanyamula mpira m'khwapa. Anali mwana yekhayo wa mayiwo. Miyezi yonseyi Chete sanamuonepo akubwera, ngakhale kumva kuti waimba foni. Atafunsa tsiku lina, mayiwo anangoti, "Ali kutali pang'ono," n'kutembenukira kumapoto awo. Lamlungu lililonse ankachoka m'mamawa atanyamula chikwama, n'kubwerako madzulo atatopa. Chete ankangoti ndi anthu opemphera kwambiri.

Mnzake wapamtima anali mnyamata wina wochokeranso kunja, amene ankakhala ku hositelo. Ameneyo ankatchedwa Wailesi, chifukwa akayamba kulankhula pofunika kumuzimitsa panalibe.

"Mwana wawoyo anathawa malamulo, ndikukuuza ine," ankatero Wailesi. "Iwe wapirira zokwana. Tikupita kwathu sabata inoyi. Uwamasule mayi amenewa usanakwere ndege. Adzakuonanso kuti?"

Chete ankangoseka. Mayeso anali atatha, sutukesi ili yasa pabedi, mphatso za alongo ake atazikulunga kale m'malaya. Ankati masiku otsalawo awameza monga anamezera ena onse.

Koma panali juzi. Inali juzi yaubweya ya malemu bambo ake, yofiirira, yotha m'zigongono. Amayi ake anamupatsa tsiku lonyamuka, ndipo iye sanaichapepo, chifukwa m'khosi mwake munali mudakali kafungo ka bambo akewo. Akapukwa ankaivala n'kukhala phee pabedi. Zimenezi sanauzepo munthu.

Masana ena akuchokera kobweza mabuku ku laibulale, anaona kanthu kofiirira kali pachingwe kuseri kwa nyumba. Anayandikira. Inali juzi ija, itachapidwa ndi madzi otentha, itafota mpaka kusanduka ya mwana wa sitandade wanu. Anaiika kumphuno. Inkangonunkhira sopo.

Analowa m'khitchini nsapato zili kuphazi.

"Nsapato, mwana wanga," anatero mayiwo osatembenuka.

"Anakutumani ndani kugwira juzi yanga?"

Mayiwo anatembenuka, naona chimene chinali m'manja mwake. Anagwira pakamwa. "Mayo! Yafota? Ine ndimati..."

"Mumati chiyani? Nthawi zonse mumati, mumati! Chilichonse m'nyumba muno mpaka muchigwire. Munthu sangapume, sangatseke zenera, sangalankhule osakonzedwa. Ndapirira ngati kapolo, lendi ndikulipira!"

"Khala pansi, tikambirane."

Akanakhala pansi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma madzi amene adikira nthawi yaitali kuseri kwa damu sasankha pogumula. Ndiponso mawu a Wailesi aja ankalira m'mutu mwake: adzakuonanso kuti? Chete analoza chithunzi cha pabalaza.

"N'chifukwa chake mwana wanu sabwera kudzakuonani. Ndani angakhale ndi mayi ngati inu?"

Mayiwo sanakalipe, sanalire. Anapukuta manja awo pang'onopang'ono, nazimitsa moto pa chitofu, nalowa kuchipinda kwawo. Chete anaponya zotsala zake m'sutukesi, nasiya kiyi patebulo, natuluka osatsanzika. Chitseko anachimenyetsa mpaka mawindo ananjenjemera.

Ku hositelo Wailesi anamulandira ngati msilikali wobwera kunkhondo. "Chete wayankhula! Lero mvula igwa ya matalala!" Anamuyalira matiresi pansi. Chete anadzimva kupepuka tsiku limenelo, koma m'mawa mwake kupepukako kunali kutasanduka kanthu kolemera pachifuwa. Amayi ake ataimba foni kufunsa za ulendo, anamaliza ndi funso limene iye ankaliopa.

"Watsanzika bwino kwa mayi akusungawo? Uwathokoze m'malo mwanga. Munthu wolera mwana wa mnzake ndi wosowa."

"Ndatsanzika, amayi," ananama Chete.

Anaganizapo zobwerera kukapepesa. Anafika mpaka pa siteji ya basi, koma basi itabwera anaisiya ipite. Anadziuza kuti mawa lake akhala ali m'mwamba, ndipo zonsezi zitsala pansi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku la ulendo kunagwa mvula, ndipo masitepe a hositelo anali chinyezi chokhachokha ndi mapazi a ophunzira otuluka ndi katundu. Chete, potsika atanyamula sutukesi yake kudzanja lina ndi chikwama cha Wailesi kudzanja linalo, anaterereka. Anagubuduzika mpaka pansi, mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira. Wailesi anamuperekeza mu ambulansi akulira ngati mwana, koma ndege siidikira munthu. Madzulo ake Wailesi anali atapita.

Kuchipatala anamuchita opaleshoni, namuika zitsulo m'mwendo. Dokotala ananena mosapita m'mbali kuti kukwera ndege ulendo wautali chotero kunali koopsa mpaka patapita masabata angapo, chifukwa magazi akhoza kuundana m'mitsempha. Hositelo inali itatsekedwa, poti tchuthi chinali chitayamba. Anzake onse anali atabalalika ngati mbalame zomva mfuti. Mayi wa ku ofesi yoona za ophunzira akunja anabwera kudzamuona, nakhala pampando wa pambali pa bedi.

"Akufuna akutulutseni, koma simungakhale nokha. Simungathe ngakhale kupita kubafa popanda wokugwirani. Ndaimbira mayi amene munkakhala nawo aja."

"Kumeneko ayi, chonde!" anatero Chete, akuyesa kudzuka. "Kwina kulikonse, koma kumeneko ayi."

"Kwina kwake kuti, achimwene? Ndayesa konse."

"Ndiye ati chiyani?"

"Sananene zambiri. Angofunsa nambala ya wodi."

Mayi eni nyumba aja anabwera m'mawa mwake, atavala chikhoti chawo chakuda, akukankha njinga ya olumala yopindika imene Chete sanaionepo m'nyumba muja. Iye analephera kuwayang'ana kumaso. Anayamba kuti, "Amayi, ine..." koma iwo anamudula.

"Mwadzuka bwanji? Galimoto ikudikira panja. Gwirani khosi langa."

Mawu akuti "mwadzuka" ndi "gwirani" anamulasa kuposa chitsulo cha m'mwendo. Miyezi yonse ija anali "iwe", anali "mwana wanga". Lero anali "inu", ngati munthu wodzawerenga mita ya magetsi.

Kunyumba anamuyalira pabalaza, poti chipinda chakumbuyo chinali kutali ndi chawo. Ankamuphikira, kumupatsa mankhwala pa nthawi yake, kumuchapira. Asanalowe pabalaza pawo pomwe ankagogoda. Zenera sankalitsegula asanafunse. Akalakwitsa mawu ankangomusiya. Zonse zimene Chete ankalakalaka miyezi yonse ija anazipeza, ndipo zinkamuwawa ngati tsabola m'maso.

Chimene chinamudabwitsa chinali luso lawo. Mayi wamfupi ngati ameneyo ankamudzutsa pabedi, kumutembenuza, kumukhazika panjinga popanda kugwedeza mwendo wothyokawo. Ankadziwa poika phewa, poponda phazi, popinda pilo. Ngakhale anamwino a kuchipatala sankafika pamenepo. M'mawa wina, atangomukhazika, Chete analephera kupirira.

"Amayi, munagwirapo ntchito kuchipatala?"

"Ayi."

"Nanga munaphunzira kuti kunyamula munthu chonchi?"

Mayiwo anakonza bulangete pamiyendo pake. Kenako anayang'ana chithunzi chija.

"Kwa mwana wanga. Amene sabwera kudzandiona uja."

Anafotokoza mosakweza mawu, ngati akunena za mitengo ya zinthu kumsika. Mnyamatayo anagundidwa ndi galimoto akuchokera kosewera mpira, ali wamsinkhu wa Chete yemweyo. Sanafe, koma kuyambira tsikulo sanayendenso, sanalankhulenso. Anamusamalira okha m'nyumba momwemo kwa zaka zambiri, m'chipinda chakumbuyo chija, mpaka msana wawo unayamba kukana. Tsopano ankakhala kunyumba yosamalirako odwala otere, kunja kwa mzinda. Njinga ija inali yake. Kumeneko ndi kumene ankapita Lamlungu lililonse.

"Ndiye munanena zoona," anamaliza. "Sabwera."

Chete anabisa nkhope m'manja. Analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro a bambo ake, poti pajapo anayenera kulimba pamaso pa alongo ake. Ali m'kati molira anawauza za juzi ija, mwini wake, ndi kafungo kanali m'khosi mwake.

Mayiwo anakhala pansi pamphepete pa bedi. "Ukanandiuza... mukanandiuza. Ine ndinaona kuti yada. Ndimati mupite kwanu ndi zoyera, amayi anu asamati kumene munali kunalibe munthu wamkulu. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndikupepesa. Fungo la munthu wako silipezekanso, ndikudziwa."

"Wolakwa ndine, amayi. Ndikhululukireni."

"Kukhululuka ndinakhululuka tsiku lomwe ndinamva kuti mwagwa. Koma bala likapola chipsera chimatsala. Musadabwe mukachiona."

Atayamba kuyendera ndodo, Chete anapempha kuti awaperekeze Lamlungu. Mayiwo anavomera ndi mutu. Anakwera basi limodzi. M'chipinda choyera, pafupi ndi zenera lotsegula, munagona bambo woonda, wa imvi zoyamba kumera, maso ake ali kudenga. Mano okha ndi amene anali a mnyamata wa pachithunzi uja. Mayiwo anamupukuta kumaso, namupesa, namudula zikhadabo, uku akumuuza nkhani za sabata yonse: mtengo wa shuga, mphaka wa oyandikana nawo, denga lodontha. Pomaliza anati, "Lero ndabwera ndi mlendo wathu. Wathyoka mwendo, koma akuchira." Chete anagwira dzanja lozizira la bamboyo.

Dokotala atamulola kuyenda, mayiwo anamulongedzera okha sutukesi, namuperekeza mpaka pamsewu pamene galimoto inkadikira. Chete anawathokoza, nawonjezanso mawu a amayi ake amene anawabisa poyamba paja. Iwo anamugwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Muyende bwino. Mwendowo musauthamangitse. Mukapereke moni kwa amayi."

Anayembekeza kuti mwina anena mawu aja akuti "mwana wanga", koma sananene. Mayiwo anaima pamsewupo mpaka galimoto inakhota.

Chete anafika kwawo ali ndi satifiketi m'chikwama ndi zitsulo m'mwendo, koma phunziro limene linamulowa m'mafupa silinachokere m'kalasi. Iye anachita mwayi: khomo limene analitseka mwaukali linali ndi munthu m'kati wolola kulitsegulanso, ngakhale silinatsegukenso monse ngati kale. Ambiri mwayi wotere saupeza. Munthu sadziwa njira imene mawa lidzamubwezere, n'chifukwa chake akuluakulu anati ukamachoka usamatseke ndi mwala, uzitseka ndi mayani.