Babu la a Yoramu pa Waya wa Klatchi

Pakhomo pa a Yoramu, kufupi ndi Sharpevale, padali lole yakale imene adaigula matipate atangobwera. Inkanyamula mpunga kukwera nawo kumtunda, pobwerera n'kutsika ndi kachewere. Nthenda yake idali imodzi: batire linkangokhalira kufooka, moti m'mawa uliwonse akazi awo a Janeti ankayamba akankha lole asanasese pabwalo.

Makaniko wina dzina lake Silvester adaiona, n'kuloza klatchi ya maginito imene imagwira fani yoziziritsa injini. Adati imeneyo ndiyo inkamwa moto wambiri, ndipo mankhwala ake adalipo: kabokosi kopatsa klatchi moto wonse pogwira, kenako n'kuuchepetsa ikagwira kale.

"Zili ngati thumba la mpunga, madala," adatero. "Mphamvu imafunika potwika. Likakhala pamutu, khosi lokha limakwana."

A Yoramu adangogwira mawu amodzi, akuti kuchepetsa. Zinazo adaziyesa nyambo, poti amakaniko a masiku ano amakuuza kuti galimoto ikudwala chiwindi pamene yangopunthwa chala. Atafika kunyumba adadula waya wopita ku klatchi, n'kulumikizapo babu kuti moto uzifika wochepa kuyambira pachiyambi. Adaliza injini. Babu lidayaka, fani n'kumazungulira mwaulesi, koma kuzungulira ndithu.

Chimwemwe chake! Adaitana anthu odutsa mumsewu kuti adzaone. Adauza aliyense kuti nzeru sagula ku Lilongwe. Batire lidasiya kufooka, ndipo moto wotsalawo adaukokera ku chimkuzamawu chimene adamangirira pamwamba pa lole, pokonzekera ukwati wa mwana wawo Kizito ku Mlangeni. Mpunga wonse wa paphwando udayenera kukwera pa lole yomweyo, chifukwa adali atalonjeza asewere awo kuti anthu akumtunda adzadya mpunga wa kuchigwa mpaka kumasula malamba.

A Janeti adawapempha kuti Silvester ayang'aneko kaye. Iwo adaseka, nati mkazi amene wasiya kukankha galimoto ayenera kuthokoza, osati kufunsa.

Tsiku la ukwati lole idanyamuka itadzaza matumba, azakhali, ndi amayi a mvano atavala zofanana. Chimkuzamawu chinkalira, nthungululu zili gwaa, a Yoramu akuimba hutala pamudzi uliwonse, dzanja lina lili panja. Pachigwa zonse zidayenda bwino. Atadutsa Kasinje msewu udayamba kukwera, injini n'kutentha. Klatchi yanjala ija idalephera kugwira. Idaterereka, fani n'kuima. Fungo la chinthu chopserera lidalowa m'lole, a Janeti n'kugwira amuna awo pamkono.

"Bambo a Kizito, imani."

"Ndi mabuleki a anzathu otsika awo," adayankha, nawonjezera nyimbo.

Pakona yotsatira nthunzi idaphulika kutsogolo, injini idagogoda ngati munthu wokhomerera msomali, kenako zii. Chimkuzamawu chokha ndicho chidapitiriza kuimba, pakuti batire lidali lamphamvu zedi.

Palibe adatukwana. Amayi aja adatsika, nayamba kupinda nkhata. A Janeti adaima pafupi ndi thumba, n'kuyang'ana amuna awo.

"Nditwikeni. Likakhala pamutu ndikwanitsa ndekha."

A Yoramu adawatwika, maso ali pansi. Mpunga wochepa umene udafika ku Mlangeni udapeza alendo atadya kale kachewere wa asewere, ambiri atabalalika. Injini idali itauma, yosadzukanso, ndipo mwezi usanathe anyamata ogula zitsulo zakutha adabwera kudzaiphwasula lole pomwe idafera. Babu lija adawasiyira eni ake.

Anthu amene adaitanidwa kudzaona nzeru aja ndi omwewo amene lero amaloza a Yoramu akamadutsa wapansi. Akulu adanena kale: mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.