Nachanza ndi Chitsime cha Nachiwale

Kalekale, ana inu, agogo a agogo athu akadali kumsana, padali mudzi wina m'mbali mwa mtsinje. Ndikukuuzani monga ndidamvera kwa amayi anga aang'ono tikusenda chinangwa. Sindiwonjezera, sindichotsera.

M'mudzimo mudali mayi wina dzina lake Nachanza. Atsibweni ake, a Chikhwaza, ndiwo ankasunga mbiri ya mudzi. Chaka chilichonse anthu akakolola ankafulula mowa wokumbukira makolo, ndipo a Chikhwaza ankaimirira pabwalo n'kuyamba kutchula. Uje adapha mkango. Uje adawoloka mtsinje wodzaza. Uje adathyola mikondo isanu ya adani. Amuna okhaokha.

Tsiku lina Nachanza adafunsa, "Atsibweni, amuna onsewa adachita kugwa mumtengo? Amayi awo ali kuti m'mbiri yanuyi?"

A Chikhwaza adaseka. "Mwana wa mlongo wanga, mbiri ndi ya pabwalo. Zanu zija n'zapamtondo, zimauluka ndi gaga."

Nachanza adabwerera pamtondo pomwepo. Pajatu akazi adali ndi nyimbo yawo yosinjira, imene mayi ankasiyira mwana, mwana n'kusiyira mdzukulu:

Nachiwale, mayi wa madzi,
popita dzuwa kumsana, pobwera dzuwa kumaso.
Watula kamodzi, mwana akulira,
watula kawiri, khosi lawawa,
kachitatu watula pakhomo.
Wavundikira ndi mphero, asagweremo ana,
wasungira adzukulu.

Nachiwaleyo adali mayi amene adakumba chitsime choyamba, anthu asadasendere kufupi ndi mtsinje. Pabwalo dzina lake lidali litafa. Pamtondo lidali moyo.

Ndiye kudadza chilala. Mvula idakana chaka choyamba, idakana chachiwiri. Mtsinje udasanduka mchenga. Adafukula mchengawo mpaka munthu kubisika, dontho osalipeza. Anthu adasonkhana nagwirizana kuti m'kuja asamuke, apite kutali kumene kuli madzi.

Kusamukatu kumeneko kudali kusiya manda. Ndipo kumandako kudagona amake a Nachanza, pamtumbira pawo pasadamere n'komwe udzu.

Nachanza adagwada kumbali ya bwalo, nawomba m'manja. "Akuluakulu, tisawasiye makolo okha. Kuli chitsime cha Nachiwale."

"Nachiwale ndani?" adafunsa a Chikhwaza. "M'mbiri mulibe."

"M'mbiri yanu mulibe, atsibweni. Pamtondo alipo."

Adawaimbira nyimbo ija. Amuna adayang'anana. Popeza ludzu silidziwa manyazi, m'mawa mwake adatenga makasu, nasiya dzuwa kumsana monga nyimbo idanenera. Adayenda, adayenda, mpaka kuphiri. Adakumba apa, adakumba apo. Madzulo adabwera ali fumbi lokhalokha.

"Nyimbo yako n'njabodza," adatero a Chikhwaza. "Ikuti katatu. Ife tafika kuphiri osapuma ngakhale kamodzi."

"Mukadapuma bwanji? Mudasenza chiyani?" adatero Nachanza. "Njira imeneyi sayesa ndi miyendo, atsibweni. Amayesa ndi khosi."

Kutacha, tsiku losamuka lija, Nachanza adatenga mtsuko waukulu. Adathiramo madzi onse a m'nyumba mwake, amene adasungira paulendo. Sadafike n'pakati pomwe. Adayenda khomo ndi khomo, ndipo mayi aliyense adathiramo chikho chake. Onse ankadziwa kuti mtsukowo ukagwa, ana awo adzayenda ulendo wonse kukhosi kuli gwa. Mtsuko udadzaza.

Nachanza adabereka mwana wake wakhanda kumsana. Adaika nkhata. Adapita kubwinja, pafupi ndi manda, pamene padali nyumba ya Nachiwale. Adapemphera pang'ono, "Chauta, amene mudamwetsa amayi athu, timwetseninso ife." Akazi anzake adamusenzetsa, natenga misi yawo n'kumutsata.

Amuna adali atamanga kale akatundu. Ataona zimenezi adagwa nako kuseka.

"Taonani malodza! Madzi akupita kuchitsime!"

"Nachanza, ukawapatse moni achule!"

Iye adangonyamuka. Dzuwa kumsana, mwana kumsana, mtsuko pamutu. Sadathamange, sadazengereze. Adayenda monga ayendera mkazi amene wasenza madzi a banja lonse.

Adayenda, adayenda. Mwana adayamba kulira. Adatula kamodzi, namuyamwitsa.

Adasenzanso. Adayenda, adayenda. Khosi lidayamba kuwawa. Adakhumudwa pamuzu, madzi adagavira pang'ono n'kutsikira kumaso kwake. Akazi onse adagwira pakamwa. Koma mtsuko sudagwe. Adatula kachiwiri.

Adasenzanso. Adayenda, adayenda, mpaka miyendo idati apa basi. Adatula kachitatu.

Pamalopo padalibe kanthu. Minga, dothi louma, ndi buluzi mmodzi.

A Chikhwaza, amene ankatsatira patali ndi ndodo yawo, adafika akupuma wefuwefu. "Ndiye chitsime chako n'chimenechi? Tunga, timwe."

"Dikirani, atsibweni. Nyimbo siidathe. Patsala mphero."

Adatembenukira kwa anzake. "Amayi, tiyeni tisinje."

Adafola mzere, aliyense musi m'manja, nayamba kusinja nthaka akuimba. Nachiwale, mayi wa madzi. Di, di, di. Adasendera kutsogolo. Di, di, di. Adasendera kumbali. Di, di, di. Dzuwa lidafika pamutu, m'manja mudatuluka matuza, mawu adayamba kusasa. Di, di, di.

Kenaka musi wa Nachanza udati gu!

Adaleka kuimba. Nachanza adamenyanso. Gu! Mkazi aliyense amadziwa kulira kwa mtondo wopanda kanthu.

"Makasu!" adafuula a Chikhwaza, osadziwa kuti afuula ndi iwo.

Amuna adathamangirako ndi makasu, nakumba kufika m'mawondo, napeza mwala waukulu wosalala, wokumbika pakati chifukwa cha kupera mawere. Adaukankha anthu asanu. Pansi padatuluka kamphepo kozizira. Nachanza adaponyamo kamwala. Onse adatchera khutu.

Chubwi!

Nthungululu zidamveka mpaka kumudzi. Akatundu adamasulidwa. Madzi a mumtsuko uja Nachanza adawabwezera kwa eni ake, chikho chikho, ndipo chikho choyamba cha m'chitsime adakathira pamtumbira pa amake.

Pobwera adapeza a Chikhwaza atakhala pamphero paja, milomo itauma.

"Mwana wa mlongo wanga, ndipatseko ndimwe."

Nachanza adatunga, nagwada, chikho chili m'manja, koma osachipereka. "Madziwa ali ndi mwini wake, atsibweni. Ndani?"

Mkuluyo adayang'ana pansi. Adayang'ana chikho. "Nachiwale."

"Sindidamve. Pabwalo mumalankhula chonchi?"

"Nachiwale, mayi wa madzi!"

Adamwa zikho zitatu.

Mvula itabwerera, anthu atakololanso, a Chikhwaza adaimirira pabwalo nayamba ndi Nachiwale, mikango pambuyo. Koma ukalamba ndi ukalamba, komanso mwamuna ndi mwamuna: dzina la Nachanza adaliiwala kulitchula. Akazi sadakangane nawo. M'mawa mwake adangopita pamtondo, nawonjezera mzere umodzi kunyimbo ija:

Nachanza adabweza madzi kwawo.

N'chifukwa chake ine ndikulidziwa dzina lake lero, pamene maina a opha mikango aja adapita ndi a Chikhwaza kumanda.

Tsono ana inu, mukamva mayi akuimba pamtondo, musamati akungochotsa kutopa. Imani, mumvetsere. Mwina akukuuzani kumene kuli madzi. Chauta awagoneke bwino amayi amenewa, otchulidwa ndi osatchulidwa.

Ndidaimva choncho, ndainena choncho. Nthano yanga yatula pakhomo, yathera pomwepa.